Woimba Pansi pa Boti la Isao

Sitima yochokera ku Tokyo imafika kuno ku chilumba cha Chichijima kamodzi pa sabata, itayenda usana ndi usiku pamadzi, ndipo alendo amatsika ali amitundu iwiri. Ena amatsika akuseka, makamera ali lende m'khosi. Ena amatsika atatuwa nkhope, akuyang'ana nthaka ngati m'bale amene anatayana naye kalekale. Tsiku limene ndinakalandira a Tokuji Hamaoka ndi akazi awo a Sumie, m'mwezi wa Malichi, mitundu iwiri yonseyi inali m'banja limodzi.

A Sumie ndiwo anatsogola: mayi wamfupi, imvi zili mbuu, chipewa atachimangirira kuchibwano kuopa mphepo. Pambuyo pawo pankabwera bambo wamtali wa mapewa otambalala, atakakamira chitsulo cha makwerero ndi manja onse awiri.

"Ndinu a Chizuru, a kunyumba ya alendo?" anandifunsa mayiwo. "Tafika, mwana wanga. Awa ndi abambo akunyumba. Musavutike ndi kuwakuwira moni, samva. Ngakhale muwaombere mfuti kukhutu."

Ndinawerama powalonjera. Nawo anawerama, kenako ananena mokweza kwambiri moti anthu onse padoko anacheuka: "Nyanja yanuyi ndi yankhanza."

A Sumie anawagwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kulemba ndi chala m'chikhatho mwawo mwachanguchangu. Bambowo anayang'ana kumbali ngati mwana wodzudzulidwa pagulu.

"Ndawauza kuti achepetse mawu," anatero a Sumie. "Sadzimva okha. Ndi mmene timachezera, m'dzanjamu. Mapepala ankangotaya."

Ine ndimasunga nyumba ya alendo imene makolo athu anatisiyira, ya zipinda zochepa, kumtunda kwa doko. Mchimwene wanga Isao ndiye ali ndi boti, lija bambo ankapita nalo kokawedza, koma masiku ano limanyamula anthu okaona anamgumi. M'mawa ndimaphika, kenako ndimakakwera botilo kuti ndizikafotokozera alendo, chifukwa Isao mukamusiyira zolankhula, anthu angabwerere kwawo osadziwa ngati aona namgumi kapena chipika.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawakonzera mpunga wa nsomba yoviika mu msuzi wa soya, ndi nyama ya kamba wa m'nyanja. A Tokuji anakankhira kambayo kwa akazi awo n'kudya mpunga wokha, pang'onopang'ono. Ndinaona kuti asanakhale pansi anagogoda tebulo ndi chala, dzanja linalo ataliyala pathabwa. Anali atachitanso chimodzimodzi ndi mzati wa pakhonde, ngakhale ndi ndowa yanga yochapira.

"Ndi chizolowezi," anatero a Sumie ataona kuti ndikudabwa. "Ankasema ng'oma. Za kukachisi, za pazikondwerero, zazikulu zija munthu amaimba ataimirira. Bambo awo ankasema, agogo awo ankasema. Kwathu ndi kumapiri a kumpoto, kumene chipale chofewa chimatseka zitseko. Mtengo ankaudula n'kuusunga zaka kuti uume. Chikopa cha ng'ombe ankachikunga ndi zingwe, n'kukwera pamwamba pake, kumachiponda ndi mapazi mpaka chilire mmene akufunira."

"Nanga makutu anatani?"

"Anadwala matenda otentha thupi, khutu lina linatseka. Patapita zaka linzake linatsatira. Anayesa kupitiriza, kumamvera ndi manja. Koma tsiku lina anthu a mudzi wina anabweza ng'oma, mwaulemu ndithu, ati sikugwirizana ndi inzake yakale. Sanakwiye. Anangokhoma chitseko cha kosemera, makiyi n'kundipatsa. Kuyambira pamenepo ndi munthu wa pampando, kuyang'ana wailesi yakanema, milomo ya anthu ikungotakataka."

"Akukuuzani chiyani?" anafunsa a Tokuji mokweza. "Kuti wandikoka ngati galu wa pachingwe? Ndi zoona zimenezo."

A Sumie sanawacheukire n'komwe. "Ine ndinayamba kufuna kuona namgumi ndili mtsikana, nditaona chithunzi chake kusukulu. Ndinawauza kuti ndapirira phokoso la ng'oma zawo moyo wanga wonse, mpaka mbale kumagwa m'kabati. Ndiye andiperekezeko, mawondo angawa asanakaniretu."

Koma mphepo ya kumpoto inayamba tsiku lomwelo. Mawa lake nyanja inali yoyera ndi thovu mpaka polekezera maso, mkuja wake chimodzimodzi. Palibe boti linatuluka. Sitima imangokhala padoko masiku ochepa n'kubwerera, ndipo amene yamusiya adikire sabata yathunthu. A Sumie ankakwera phiri la kuseri kwa mudzi m'mawa ndi madzulo, akupumira m'njira, kukaima pamalo oonera nyanja. Ankabwerako maso atafiira ndi mphepo.

"Ndinaona china chake choyera chikutumphuka kutali," ankandiuza. "Koma mwina linali funde."

Ndinkadziwa kuti linali funde. Ndinkangoti mwina anali iye.

A Tokuji ankakhala pakhonde tsiku lonse, atafunda bulangete m'miyendo, ngati kuti za anamgumi sizikuwakhudza. Koma madzulo ena, akazi awo ali kosamba, anandilondola kukhitchini. Anayesa kunong'ona, ngakhale kunong'ona kwawo kunamveka mpaka pamsewu.

"Mphepo imeneyi ileka liti? Mayiyu sadzabweranso kuno. Akudziwa yekha."

Ndinatambasula manja kusonyeza kuti sindikudziwa. Anagwedeza mutu n'kubwerera pakhonde.

Tsiku loti sitima inyamuka, Isao anatulukira pakhomo kukungocha kumene, tsitsi lili nyankhalala.

"Yaleka," anatero. "Sitima inyamuka dzuwa likapendeka, tili ndi m'mawa wokhawu. Auze avale zofunda."

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Ine ndadzuka bwino, zikomo pofunsa."

"Iwe, tafulumira."

Padoko, a Tokuji anayang'ana boti, n'kuyang'ana jekete yoyandamitsa imene ndinkawaveka. "Ndikafera pamadzi," anauza akazi awo, "ukawauze ana kuti wandipha ndiwe."

A Sumie analemba m'dzanja mwawo, kenako anandimasulira. "Ndawauza kuti ana akudziwa kale kuti ndakhala ndikuyesa."

Tinatenganso atsikana awiri a ku yunivesite amene ankagona nyumba ina, n'kutuluka. Mafunde aakulu osasweka, aja amatsala mphepo ikaleka, ankatinyamula n'kutitsitsa. Madzi a kuno akadekha amabiriwira mwakuti munthu akayang'ana pansi amachita chizungulire ngati wayang'ana kumwamba. Nyengo yozizira anamgumi amachoka kunyanja za kumpoto kudzaberekera m'madzi athu, ofundirako poyerekeza ndi akumeneko, ndipo Malichi ndiye mwezi wawo. Masiku ena timangokumana nawo potuluka padoko. Koma tsiku limenelo nyanja inali pululu.

Tinazungulira kumadzulo kwa chilumba, tinakwera kumpoto, tinabwerera. Kamodzi kokha tinaona kautsi koyera kutali, mpweya wa namgumi, koma pofika pamalopo panali madzi okhaokha. Pawailesi mnzake wa Isao anati waona wamkazi ndi mwana kummwera, koma kunali kutali kwambiri, sitima ikanatisiya. Dzuwa linkakwera. A Sumie anali atasiya kufunsa mafunso. Ankangogwira chitsulo cha m'mbali mwa boti, maso ali panyanja, ndipo ine ndinkapewa kuwayang'ana.

Kenako Isao anakhotetsa boti kulowera kuseri kwa chilumba chaching'ono chopanda anthu, pansi pa matanthwe aatali, pamene madzi amakhala bata. Anazimitsa injini.

"Bwanji taima?" anafunsa mtsikana wina.

"Kuona kwakanika," anatero Isao. "Tiyese kumva."

Tili ndi kachitsulo komvera pansi pa madzi, kolumikiza ku chinkuzamawu ndi chingwe chachitali. Ndinakatsitsira m'nyanja n'kuyatsa. Poyamba kunamveka kuthetheka kwa tinkhanu ta pansi, kuja kumakhala ngati mafuta akuwira m'chiwaya. Kenako mawu anabwera. Anayamba ngati ng'ombe yolira kutali m'chigwa, aatali, otsika. Anakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala ngati kulira kwa khanda, n'kudukira m'mwamba. Kunatsatira kukwekwesa ngati chitseko cha dzimbiri, kenako mawu ena apansi kwambiri, oti khutu limawataya asanathe.

"Ameneyo ndi wamphongo," ndinatero chapansipansi. "Aakazi saimba. Amaima m'madzi mutu uli pansi, mchira m'mwamba, osagwedezeka, n'kumaimba mpaka afune kupuma."

A Sumie anaika dzanja pakamwa. Misozi inkangotsika, osaipukuta. Atsikana aja anagwirana manja. Patapita kanthawi a Sumie anacheuka, ndipo nane ndinacheuka. A Tokuji anali atakhala pabenchi lakumbuyo, akuyang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi, monga amachitira munthu wolowa m'nyumba anthu akuseka nthabwala imene iye sanaimve.

A Sumie anapita kukakhala pambali pawo, anawatenga dzanja, anaika chala m'chikhatho. Chalacho chinangoima. Akanalemba chiyani?

A Tokuji anachotsa dzanja lawo modekha. "Usavutike," anatero, ndipo ulendo uno mawu awo anali apansi. "Mvera. Ndi zimene unabwerera."

Madzi ankatikoka pang'onopang'ono kutichotsa kumatanthwe, ndipo nyimbo ija inkakulirakulira. Inafika poti chinkuzamawu chinayamba kulira ngati ching'ambika. Ndinachepetsa, koma sizinathandize. Isao anatambasula dzanja n'kuchizimitsa.

Nyimbo sinaleke.

Tinayang'anana. Chinkuzamawu chinali chozima, kanyali kake kofiira katathima, koma mawu anali ponseponse. Ankatuluka m'boti momwemo, pansi pa mapazi athu, m'mabenchi, m'zitsulo. Madzi a mu ndowa imene inali pafupi ndi mwendo wanga ankanjenjemera, timizere tikuthamangira pakati. Ndinabadwira pachilumba chino, nyimbo ya anamgumi ndaimva zaka zonsezi kudzera m'chingwe chija, koma zotere ndinali ndisanazionepo.

"Ali pansi pathu," ananong'ona Isao. "Pansi penipeni. Wina asagwedeze kanthu."

"Ndani wayatsa injini?" anafunsa a Tokuji.

Anayang'ana Isao, amene anali ataima kutali ndi chiwongolero, manja ali m'chiuno. Anayang'ana kumbuyo kwa boti, kumene madzi anali bata. Kenako anawerama n'kumasula nsapato, anavula masokosi, n'kuponda pansi ndi mapazi osavala. Nkhope yawo inasintha. Anatsika pabenchi n'kugwada, manja onse awiri atawayala pansi.

"Mayi," anandiitana, maso ali tong'o. "N'chiyani chimenechi?"

Ndinagwada nawo, ndinawatenga dzanja. Chinali chikhatho cholimba ngati chikopa chouma. Aka kanali koyamba kulemba m'dzanja la munthu. Ndinalemba mawu awiri: namgumi akuimba.

Mawu apansi aja anabweranso, ndipo ndinawaona akudutsa m'mikono yawo mpaka m'mapewa. Mwadzidzidzi anaimirira n'kuyamba kumasula mabatani a juzi.

"Ndilowa m'madzi."

"Ayi," anatero Isao, n'kuima patsogolo pawo, mikono ataipingasa pachifuwa kuti aone kuti akukana.

"Ndili ndi jekete. Ndingoviika mutu basi."

"Chizuru, auze. Kuno sitilowa m'madzi pali namgumi. Tinagwirizana tonse a maboti, ndipo si ine ndiyambe kuswa. Komanso akangotembenuza mchira, tikatola chiyani?"

Ndinayamba kulemba, koma a Tokuji anali ataona kale yankho pankhope ya Isao. Anaima choncho, juzi ili yomasula theka, mapazi ali pansi, ngati munthu amene wamva fungo la chakudya kuseri kwa chitseko chokhoma. A Sumie anayang'anitsitsa Isao.

Isao anakanda m'mutu. Kenako anandikankhira pambali n'kugwada pakati pa boti. Pamenepo pali chivundikiro cha chipinda cha pansi, mmene bambo ankasungira nsomba ndi madzi oundana. Masiku ano timaikamo zingwe. Ndi mozama mpaka m'chiuno, ndipo pansi pake ndiye pansi pa boti penipeni, kuseri kwake kuli nyanja. Isao anatsegula mosamala, anatulutsa zingwe zonse osagwetsa kanthu, n'kuloza m'katimo.

"Mununkha nsomba," anatero. "Koma ndi pafupi kuposa apa."

Tinawagwira m'khwapa n'kuwatsitsiramo. Anavula jekete ndi juzi, n'kugona chafufumimba, chifuwa ndi tsaya zili pansi, mikono atatambasula. Tonse tinazungulira pakamwa pa chipindacho, kuwayang'ana pamsana.

Kwa kanthawi sanagwedezeke. Ndinayamba kuopa kuti mwina akomoka. Kenako mawu awo anatuluka m'menemo, osakweza, osatsika, ngati munthu wolankhula m'tulo.

"Uyu ndiye wamkulu. Akuyambira m'mimba... akukwera m'nthiti. Waleka. Tsopano tating'onoting'ono, tofulumira, m'mano. Taleka. Abwereza wamkulu uja, dikirani." Tinadikira, ndipo mawu apansi aja anabweradi. "Ndinanena. Sakungolira uyu, akudziwa chimene akuchita. Amabwerera pamene anayambira, koma amasintha pang'ono pothera."

Ndinayang'ana Isao. Anagwedeza mutu kuvomereza.

"Koma pali mipata," anapitiriza a Tokuji. "Amakhala chete nthawi yaitali. Amadikira chiyani?"

"Sakhala chete," anatero a Sumie kwa ine. "Ndi pamene amakwera m'mwamba paja. Iwo sakupamva."

"Sumie," anaitana a Tokuji. "Bwera kuno."

"Ndi mawondo angawa?" Koma anali atayamba kale kuvula chipewa.

Tinawatsitsiramo nawonso. Malo anali ochepa, ndiye anagona chammbali, atapanikizana ndi amuna awo, nkhalamba ziwiri m'malo osungira nsomba. Mawu apansi atabwera a Sumie anatseka maso n'kugwira pachifuwa pawo. Atayamba kukwera kupita kuja kwa khanda, kumene a Tokuji sankakumva, a Sumie anaika chala pamsana pa amuna awo, m'munsi, n'kuchikweza pang'onopang'ono motsatira mawuwo, mpaka pakhosi. Mawu atadukira m'mwamba, anachotsa chala.

A Tokuji anapuma mwamphamvu. "Amafika mpaka kumeneko?"

A Sumie anawagogoda paphewa kuvomera.

"Bwereza akabweranso."

Anapitiriza choncho. Zapansi ankazimva okha ndi chifuwa, zam'mwamba ankazilandira pamsana: chala chikukwera, chikunjenjemera, chikukhota, chikugwa. Nthawi ina a Sumie anachedwa, ndipo a Tokuji anati, "Wagona kodi?" Nthawi ina anaseka okha, kuseka kwapansipansi kumene sindinayembekeze kuti kungatuluke mwa munthu ameneyo. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbukira kuti mbalame yoyera ya mchira wautali inkazungulira pamatanthwe, ndi kuti mapazi anga anachita dzanzi koma sindinafune kusuntha.

Kenako nyimbo inaduka pakati. Madzi a mu ndowa anadekha.

"Akukwera kudzapuma," anatero Isao. "Atulutseni. Aliyense agwire chitsulo."

Tinawakoka onse awiri, mawondo ndi zigongono zili zonyowa, n'kuwaimika m'mbali mwa boti. Ndinayang'ana pansi. Poyamba kunali kubiriwira kokhakokha, kuwala kwa dzuwa kukutsika ngati zingwe mpaka kuzimirira. Kenako kutali pansi kunaoneka zinthu ziwiri zoyera, zazitali, zotalikirana, zikubwera. Zinali zipsepse zake, chilichonse chotalika kuposa munthu wamtali atakweza manja. Pakati pa ziwirizo mdima unayamba kuumbika, kukula, kukhala mutu, kukhala msana, ndipo unkakulabe pamene ndinkaganiza kuti watha. Sankafulumira. Anakhota pang'ono kuti asagunde boti, monga munthu wamkulu amalambalala mwana wogona pansi.

Anatulukira kumanja kwathu, pafupi moti ndikanaponya chipewa chikanagwera pamsana pake. Madzi anatseguka, ndipo anapuma. Phokoso lake linagunda matanthwe n'kubwerera. Utsi wa mpweya wake unakwera kupitirira denga la boti, mphepo n'kuubweretsa pa ife, mvula yofunda yonunkha nsomba zowola. Msana wake unali wakuda, wonyezimira, wokalikakalika ndi zipsera zakale, ndipo kuchibwano kwake kunali tinkhono toyera tomatirira. Anali wamtali kuposa boti lathu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Kenako anapendekeka chammbali, ndipo diso linatuluka pamwamba pa madzi. Linali laling'ono poyerekeza ndi thupi lonselo, lozunguliridwa ndi makwinya. Linayenda kuchokera kutsogolo kwa boti mpaka kumbuyo, pa aliyense wa ife. Anthu amandifunsa kuti namgumi akakuyang'ana amaganiza chiyani. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anatiyang'ana, ndipo sanali kutiopa kapena kutifuna kanthu.

A Tokuji anawerama mpaka m'chiuno, manja ali m'mbali, monga amachitira munthu kwa mphunzitsi wake. Anakhala chowerama mpaka namgumi anapumanso kangapo, akusendera kutali pang'onopang'ono. Pomaliza anapinda msana, mchira unakwera m'mwamba, wotambalala, woyera kunsi kwake, madzi akuyenderera m'mphepete. Unaima kanthawi, n'kulowa osathovutsa madzi. Pamalopo panatsala bwalo losalala ngati pathiridwa mafuta.

Mtsikana wina anali akulira, mnzake akuyang'ana kamera imene inali ikadali m'chikwama. Woyamba kusuntha anali a Sumie. Anapukuta kumaso ndi mkono, ananunkhiza, n'kulemba m'dzanja la amuna awo.

"Bodza," anatero a Tokuji mokweza. "Ine ndimatsuka m'kamwa."

Isao anapita kuchiwongolero. Ndinaona kuti kiyi anamuphonya kawiri asanamulowetse.

"Bambo ankanena zimenezi," anandiuza osandiyang'ana. "Ati tsiku lina boti lonse linaimba. Tinkati awonjeza mowa."

"Ndinu amene munkatero, achimwene. Ine ndinkawakhulupirira."

"Unali ndi zaka zingati iwe? Unkakhulupirira chilichonse."

Pobwerera a Tokuji sanakhale pabenchi. Anaima pafupi ndi Isao, osavala nsapato, chizungulire ataiwala, akufunsa mafunso mokuwa kupitirira injini. Amaimbira chiyani? Onse amaimba nyimbo imodzi kapena aliyense yake? Nanga popeza satsegula pakamwa, chimalira n'chiyani m'thupimo, mphako yake ili pati? Isao, munthu amene amaumira mawu ngati agula, anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, linalo akulemba m'chikhatho cha mkuluyo, mochedwa, akulakwitsa n'kufufuta ndi chala chachikulu. Analemba kuti amphongo onse a nyanja ino amaimba nyimbo imodzi, ndipo imasintha chaka ndi chaka. Analemba kuti ena amati ndi yofunsira akazi, koma palibe amene akudziwa bwinobwino.

"Ndiye chaka chamawa idzakhala ina?"

Isao anavomera ndi mutu.

"Imeneyi sidzamvekanso?"

Isao anaganiza kaye, kenako anapukusa mutu. A Tokuji anayang'ana kumbuyo kumene tinachoka, ndipo sanafunsenso kanthu mpaka padoko.

Tinafika mochedwa. Ndinathamanga kunyumba kukatenga zikwama zawo, ndipo analibe nthawi yosintha zovala. Anakwera sitima akununkha nsomba, anthu akuwapatukira pamakwerero. A Sumie anandigwira manja onse awiri n'kuwafinya.

Kuno sitima ikamanyamuka, maboti onse a pachilumba amaiperekeza mpaka potulukira doko, ndipo achinyamata amadumphira m'nyanja potsazika. Ine ndinasiya kudumpha kalekale. Madzi a Malichi ndi ozizira, ndipo munthu wa msinkhu wanga amakhala ndi mbale zomudikira kunyumba. Tinaithamangira m'mbali, Isao akuliza hutala, mpaka tinawaona awiriwo pamwamba, atatsamira chitsulo. A Sumie ankakupiza chipewa. A Tokuji anangokweza dzanja limodzi, chikhatho chili chotambasula.

Isao atachepetsa liwiro, ndinavula nsapato n'kudumpha ndi zovala zomwe.

Kuzizira kunandimenya ngati mbama. Ndinatulukira, ndinakupiza mkono, anthu a m'sitima akuwomba m'manja. Ndinayandama pomwepo mpaka sitima inakhota kuseri kwa thanthwe, maboti ena n'kubwerera. Kenako ndinakoka mpweya n'kumira, maso otseka. Kugunda kwa injini ya sitima kunkachepa, kunkachepa. Kuseri kwake, kutali kwambiri, kochepa ngati udzudzu wa chipinda china, ndinamva mawu aja akukwera m'mwamba. Anali atayambiranso.

Nditatulukira ndinapeza Isao atawerama m'mbali mwa boti, thaulo lili m'manja.

"Akuimbabe," ndinamuuza, mano akugundana.

"Tuluka, udwala," anatero. Koma sanayatse injini. Anakhala pansi m'botimo n'kuyamba kumasula nsapato.